Bedi Lopingasa la Asikulu a Daka

Mbuzi zija ndinazitsekela ndine m'galimoto ya amai Chanda. Ndikunena poyela chifukwa pa Nyimba pano nkhani ikayenda pang'ono imasintha mwini wake, ndipo posachedwa ndamva kamnyamata kena ka giledi naini kakudzitama kumsika kuti kanali iko. Bodza limenelo. Ndinali ine Yotamu, ndekha, Lamulungu m'mawa, ndipo mutandipatsanso mbuzi zomwezo ndi galimoto yomweyo, chitseko ndingatsekenso.

Sabata yatha tinali ku Mwape kukaika chiliza pa manda a asikulu anga, a Lazalo Daka, bambo wa amai anga. Chaka chakwana chimwalilile iwo. Abusa atanena kuti mdzukulu mmodzi alembe mbili yawo, abale onse anacheukila kwa msuweni wanga woimba kwaya. Kwa ine sikunabwele diso ndi limodzi lomwe. Msuweni analemba kuti anali munthu wofatsa ndi womvela uphungu. Ndinaseka mpaka amai ananditsina, chifukwa asikulu sanamvelepo uphungu wa munthu aliyense chibadwile. Ndiye nayi yanga.

Anali kalipentala. Mabenchi a m'tchalitchi mwathu ndi awo, zitseko zambili za m'komboni muno ndi zawo, koma chimene ankadziwika nacho kwenikweni ndi mabokosi a malilo. Ntchito imeneyi inawasiyila chizolowezi choipa. Mukawapatsa moni, asanayankhe, maso awo ankayamba kumutu kwanu n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kuzala za kumapazi, milomo ikugwedezeka ngati akuwonkhetsa. Azimai ankadziphimba ndi chitenge n'kukuwa kuti, “A Daka, musandipime, ndikali moyo!” Iwo ankangoti palibe cholakwa kudziwilatu, chifukwa odwala mwakayakaya amachila ndipo onenepa bwino ndiwo amadzidzimutsa anthu.

Anali aafupi, koma manja awo anali ngati obweleka kwa munthu wina wamkulu. Msomali sankaukonda. Ankati msomali ndi wa munthu wofulumila, thabwa labwino liyenela kugwila linzake ndi mano ake. Ndipo m'mitengo yonse ya pansi pano ankalemekeza umodzi chabe, mlombwa. Yotsalayo ankaitcha nkhuni. Anthu oluka nsungwi ndi bango m'mbali mwa msewu waukulu sankawaika m'gulu la amisili. Ankati amenewo ndi mbalame zoluka zisa.

Ndili wamng'ono anagwa padenga la tchalitchi akukhoma mtanda wa nyumba, chiuno n'kuthyoka. Chinapola mokhota. Kuyambila pamenepo ankatha kuimilila kapena kugona, koma kukhala pampando nthawi yaitali kunali kosatheka. Kenaka maso anayamba kuchita nkhungu. Zida zawo anazikulunga m'saka n'kuziponya pansi pa bedi, ndipo zaka zotsatila anazithela pabenchi pansi pa mtengo wa mango, chagada, akumvetsela malole odutsa ndi kulosela katundu amene anyamula. Amai ankawabweletsela chakudya, theka n'kubwelela. Sankadwala matenda oti n'kuwatchula dzina. Ankangozilala ngati mbaula yosaonjezela makala.

Chinthu chimodzi chokha chinkawadzutsa, foni yochokela ku Mwape. Kumeneko kunali mlongo wawo, ambuya a Tiwonenji. Mwa ana onse a mimba imodzi anatsala awiliwo. Ambuya saona konse, ndipo galimoto sakwela, akangomva fungo la dizilo amasanza. Asikulu nawo minibasi kapena njinga sizikanatheka ndi chiuno chija. Ndiye panapita zaka zambili osagwilana dzanja. Mwana wa kumudzi ankawatsogolela ambuya pachulu pamene foni imagwila, ndipo awiliwo ankakalipilana mokuwa ngati akuitanizana kutsidya kwa mtsinje.

“Lazalo! Ukali moyo?”

“Ndikali! Nshawa zimene unatumiza zinali zofumbwa!”

“Bwela udzasankhe wekha, wopanda ulemu iwe!”

“Ndibwela!”

Foni ikaduka ankatembenukila kumtengo, chipewa kumaso, mpaka madzulo. Tonse tinkadziwa kuti sadzapita. Iwonso ankadziwa.

Tsopano za galimoto. Amai Chanda anali nesi ku Petauke mpaka anapuma. Ndi aatali ngati mlongoti wa magetsi, ndipo ndi Mbemba, ndiye mwadziwa kale kuti iwo ndi ife akum'mawa tili pa chimbuya. Amaloledwa kutinyoza kuti timadya mbewa, ife n'kubweza kuti iwo amadya anyani, popanda wokwiya. Pamalilo athu ndi iwo amene amathamanga ndi ntchito, uku akunyodola wakufayo pamene ife tikulila. Atapuma ntchito anagula galimoto yakale kwa alendo ena oyendayenda amene anatopa nayo. Kunja inali ngati minibasi yaitali denga, koma mkati munali nyumba: bedi, kachitofu ka gasi, kasinki, makabati, makatani a maluwa. Ana a m'komboni anaitcha nyumba yothawa. Akuchokela nayo ku Lusaka inawafela pa Nyimba pano, ndipo poti kwa amakanika oyandikana nafe kunali kodzaza, inakankhidwila pabwalo pathu kudikila chitsulo chake.

Amai Chanda ndiwo anayamba. Tsiku lina pamsika wa nthochi, atsikana a m'kalasi mwathu ali pomwepo, anandigwila khutu n'kulengeza kuti, “Onani kambewa aka, ndevu zayamba kumela. Nanga mchila mwakabisila kuti?” Temu yonse ndinakhala Kambewa. Ndiye Lamulungu lina anthu onse ali kutchalitchi, ndinatenga gaga m'mbale n'kunyengelela mbuzi za amai anga, pamodzi ndi tonde wathu wonunkha Kapitao, mpaka m'nyumba yothawa. Maganizo anga anali oti zingokhalamo mpaka mapemphelo atatha, zisiyemo kafungo. Koma masana kunali mpila, ndipo timu yathu inapambana. Ndinazikumbukila m'mawa mwake nditaona Kapitao ataima kuchiwongolelo ngati dalaivala, akundiyang'ana pagalasi, katani ya maluwa ikulendewela kukamwa.

Kunena zoona, zinagwila ntchito. Siponji ya matilesi zinadya mpaka theka. Makabati anali a timatabwa topyapyala, ndipo Kapitao anatiboola tonse ndi nyanga. Pansi panali ponyowa, ndipo sikuti ndi madzi.

Amai Chanda anabwela ndi minibasi kuchokela ku Petauke. Ndinayembekezela phokoso, mwinanso apolisi. Anangosuzumila mkati, n'kukhala pachitseko, misozi n'kuyamba kutsika. Anati moyo wawo wonse anagona pamipando ya m'chipatala akudikila odwala a eni, ndipo ankafuna bedi lawolawo lowapelekeza kulikonse kumene angafune. Apo, ndivomele, ndinayang'ana pansi pang'ono.

Kenaka tinamva ndodo. Asikulu anali atadzuka pabenchi popanda wowaitana. Anakwela m'galimotomo mochita kudzikoka, n'kuyamba kupapasa makoma ndi zikhatho. Anathyola kachidutswa ka kabati, n'kukanunkhiza, n'kukaluma.

“Amai Chanda, mukulilila izi? Mapepala awa? Mbuzi zanga zangokuthandizani kusesa.”

“Awe mwandi, a Daka, lelo sindifuna nthabwala.”

“Inenso sindikuseka. Chimbuya chimathela pakamwa, sichidya mipando ya munthu. Mlanduwu ndi wa nyumba yanga. Ndikonza ndine.”

“Inu? Amene simuona ndi mbale ya ndiwo yomwe?”

“Thabwa saliona ndi maso, mai. Funsani onse amene ndinawakhomela mabokosi ngati alipo anabwela kudzadandaula.”

Amai Chanda anapukuta nkhope ndi chitenge, n'kuwayang'ana nthawi yaitali, mwaunesi. Kenaka anati, “Chabwino, mudyambewa. Mukamaliza, woyamba kugona pabedi limenelo mudzakhala inu. Ndidzakunyamulani chogona mpaka ku Mwape, mlongo wanu akakutukwaneni pamaso.”

Tsiku lomwelo saka ya zida inatuluka pansi pa bedi. Madzulo asikulu anadya mbale yonse n'kufunsa ngati kwatsala. Amai anga anathawila kukhichini kuti tisaone nkhope yawo.

Ine asikulu sanandilole kukhudza chida chilichonse. Anati manja otsegulila mbuzi chitseko sagwila sowo yawo yochekela matabwa. Anaitana a Sakala, amene anaphunzila ukalipentala kwa iwo kalekale, kuti aziwanyamulila zolema ndi kuwawelengela manambala a patepi. A Sakala ali ndi imvi ndi adzukulu, koma ankatchedwabe “iwe mwana”. Kudenga la nyumba yathu kunali matabwa a mlombwa ouma bwino, amene asikulu anasunga zaka zambili kudikila ntchito yowayenela. Onse anatsitsidwa.

Miyezi yozizila yonse pabwalo pathu panali phokoso la sowo ndi fungo la mlombwa. Asikulu ankagwila ntchito choimilila, atatsamila thebulo. Akapala thabwa ankaliyendetsa patsaya kuti amve ngati lasalala. Anandiuza tsiku lina, osandiyang'ana, kuti moyo wawo wonse akhala akukhomela anthu malo ogona osadzukanso, ndipo aka kanali koyamba kukonza bokosi limene munthu adzagonamo n'kudzuka m'mawa kuwilitsa tiyi.

Mkangano waukulu unali wa bedi. Eni ake oyamba analiika motalika, mutu chakutsogolo, miyendo kuloza zitseko za kumbuyo. Asikulu anakana. Anati atulutsa mabokosi ambili pakhomo, onse miyendo patsogolo, ndipo munthu wamoyo sangamugoneke choncho ndi manja awo. Analiika mopingasa, kuchoka khoma ili kufika linalo, pansi pake n'kusiya mpata wolowetsapo katundu kuchokela kumbuyo. Kwa iwo linakwana ndendende. Amai Chanda atabwela Loweluka kudzayendela, anagonapo, mawondo n'kufika pachibwano.

“A Daka! Ndizigona chopinda ngati nkhuku ya mumphika?”

“Si vuto la bedi limenelo. Ndi inu amene munakula mopanda dongosolo.”

“Galimoto ndi yanga!”

“Ndi yanu. Koma mukafela m'tulo, anthu adzati a Daka anamulozetsa kukhomo.”

“Nanga galimoto ikakhota, miyendo siloza kwina?”

“Iloze kulikonse, bola osati kuchitseko.”

Anakangana mwezi wathunthu. Pamapeto asikulu anawonjezela kathabwa kokoka m'mbali, poti mapazi a amai Chanda azitsamilapo, ndipo anakatcha malo a Wemba. Bedi linakhalabe chopingasa.

Chitsulo chochokela ku Lusaka chinafika, galimoto inalila, ndipo pofika Okutobala mkati munali mutatha. Sindinaonepo chinthu chokongola chotelo. Makabati ofiilila onyezimila, thebulo lopinda, mashelefu, zonse zolumikizana ndi mano popanda msomali. Anthu ankabwela kudzaona ndipo ankavula nsapato pakhomo popanda wowauza.

Tinaiyesa pamsewu wa ku Petauke, asikulu atagona pabedi lawo ngati mfumu. Amakanika anali atanong'oneza kale kuti kumbuyo kwatsika kwambili, koma ndani akanawauza a Daka? Pachitunda choyamba galimoto inabuula ngati ng'ombe yolemedwa ndi ngolo, njinga yonyamula makala n'kutipitilila. Pokhota, zitseko za makabati, zolema ngati za tchalitchi, zinatseguka zonse pamodzi, mbale ndi makapu n'kuuluka. Kenaka tinagunda kadzenje. Pansi panamveka kuti khoo, galimoto n'kupendama. Sipuling'i inali itathyoka.

Anali atamanga nyumba yoti ikhale zaka zana pamaziko a simenti. Anaiwala kuti nyumba iyi iyenela kunyamulidwa ndi mateyala anayi okalamba.

Amai Chanda sanaseke. Tikudikila kukokedwa m'mbali mwa msewu anati, “A Daka, ntchito yanu ndi yabwino kuposa galimoto yanga. Koma ndi mlombwa umenewu sitikafika ku Mwape. Uchoke.”

Asikulu anabwelela pabenchi ya pansi pa mango, ndipo mbale zinayambanso kubwelela ndi theka. Foni ya ku Mwape italila anauza amai anga kuti anene kuti agona. Ambuya anakuwa mpaka tonse tinamva: “Muuzeni Lazalo kuti nkhuku imene ndamusungila yayamba kukalamba!”

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi kulila kwa sowo. Asikulu ndinawapeza m'galimoto okha, dzuwa litangotuluka. Mano aja anawalumikiza ndi guluu mwamphamvu moti panalibe njila yomasulila. Ankacheka ntchito yawo yomwe. Ankapapasa pamene matabwa akumana, n'kuika sowo pambali pa chala, n'kudula. A Sakala atafika anafuna kuwalanda sowo, koma anakanizidwa. Anati amene anamanga ndiye agwetse. Thabwa lililonse likachoka ankalipukuta ndi malaya awo n'kulipeleka kunja mosamala ngati khanda. Thukuta linkayenda pankhope yonse, ndiye sindinganene motsimikiza kuti analila. Anasiya chinthu chimodzi chokha cha mlombwa, bedi.

Chimene anachita kenaka anthu akale a pa Nyimba sanachikhulupilile. Anatenga ndodo n'kuyenda mpaka kumsewu waukulu kwa amai ena oluka nsungwi, omwe aja ankawatcha mbalame. Anavula chipewa.

“Amai, ndabwela kusukulu.”

“A Daka, mwasochela? Kuno ndi kuzisa.”

“Ndikudziwa. Ndikufuna chisa choti chikwele phili.”

Anawaseka mokwanila, ndipo iwo anaima chilili mpaka kusekako kutatha. Makabati atsopano anakhala a timafelemu topepuka, zitseko zake zoluka ndi nsungwi. Kuti zisatseguke panjila anazimanga ndi timalamba todula ku chubu cha njinga. Kudenga anayala mphasa yosalala kuti kutentha kuchepe. Makatani anasoka amai anga ndi chitenge. Galimoto inadzuka kumbuyo ngati munthu wotula mtolo.

Koma nthawi inali itapita. Mitambo inayamba kusonkhana, ndipo amai Chanda anabwela, sipuling'i yatsopano itaikidwa kale, tanki yodzaza.

“A Daka, tiyeni mailo kukangocha. Mvula ikagwa kawili, msewu wa ku Mwape watseka.”

“Zitseko ziwili zikalibe kulowa. Ndi m'mphepete mwa bedi simunasalale.”

“Mlongo wanu saona! Adzadziwa bwanji?”

“Ndiye chifukwa chake. Woona amangoyang'ana n'kupita. Tiwonenji adzapapasa paliponse. Akapeza pokhakhala adzandinena mpaka kumanda.”

Amai anga anawachondelela. A Sakala anati amaliza okha tikapita. Ngakhale ine ndinayankhulapo, ndipo anandiuza kuti mbuzi zikufuna madzi. Anamaliza patapita sabata ndi masiku, ndipo tsiku limene anamangilila lamba womaliza, mvula inagwa yosaleka mpaka m'mawa. Inagwanso, n'kugwanso. Anthu ochokela ku Mwape ankafika ndi matope mpaka m'mawondo, akunena za mitsinje yodzaza ndi lole yomila.

“Tidikila chilimwe,” anatelo asikulu. “Galimoto siola.”

Dzinja lonse ankagona m'galimotomo masana, akumvetsela mvula padenga. Ankatsegula ndi kutseka zitseko za nsungwi. Nthawi zina ankapalabe m'mphepete mwa bedi ndi sandipepa, pamalo osalala kale. Chifuwa chinawayamba mu Febuluwale. Amai Chanda ankabwela ndi mankhwala ndi matukwano, kuwauza kuti asayelekeze kufa asanalipile mlandu wa mbuzi. Mvula itachepa anagwilizana tsiku: Isitala ikangopita. Ambuya anauzidwa pafoni. Anati nkhuku ija inafa yokha ndi ukalamba, koma asunga mwana wake.

Anamwalila Lachitatu la sabata yopatulika, masana, pabenchi ya pansi pa mango. Amai anga anapita ndi phala n'kupeza chipewa chili kumaso monga mwa masiku onse. Msewu unali utauma kale mokwanila. Tikanapita Lolemba lake palibe chikanatiletsa, koma asikulu anali atanena kuti munthu sachoka patchalitchi pake sabata imeneyo.

Bokosi anakhoma a Sakala. Sanafunse munthu za matabwa. Anapita kuseli kwa nyumba kumene kunaunjikidwa mlombwa wochoka m'galimoto uja, n'kusankhamo aataliatali. Analumikiza ndi mano, popanda msomali, akulila ngati mwana. Kumbali imodzi kunkaonekabe timabowo ta mahinjesi a kabati.

Abale ankafuna kubweleka lole. Amai Chanda anaima pakati pa bwalo, nkhope ili mbuu ndi ufa umene anadzipaka mwa chimbuya, n'kunena kuti aliyense wokhudza bokosilo kupita nalo ku lole alimbana ndi iwo. Analonjeza kuwanyamula a Daka, ndipo awanyamula. Bokosi pabedi silikanakwana chopingasa. Linalowa pansi pake, pampata wa katundu uja, kuchokela kumbuyo, miyendo kuloza kuchitseko. Amuna asanu ndi mmodzi analinyamula movutika, ndipo litangokhala pansi, galimoto inatsikanso kumbuyo.

“Mwaona?” anatelo amai Chanda akumenya bokosi ndi chikhatho. “Ndinakuuzani kuti mlombwa wanu ndi wolema. Mwaubweza mwakabisila, mudyambewa wosamva inu.”

Anayendetsa pang'onopang'ono njila yonse, akuzemba dzenje lililonse, ndipo sanaleke kuwayankhula. Ankawauza kuti agwilitse, kukubwela mlatho. Ankawafunsa ngati akuona mmene zitseko za mbalame zija zikukhalila zotseka. Palibe ndi chimodzi chomwe chinatseguka. Titalowa m'mudzi anazimitsa injini, n'kukhala kaye atagwila chiwongolelo. Kenaka anatembenuka.

“Dzukani, a Daka. Tafika.”

Apo Mbemba amene anabwela kudzatiseka anagwetsa mutu pachiwongolelo n'kulila kuposa ife eni malilo.

Bokosi litalowa m'nyumba, ambuya a Tiwonenji anakhala pambali pake nthawi yaitali atalisanjika manja. Kenaka anafunsa kuti chinthu chimene chinachedwetsa mlongo wawo chili kuti. Anati awatengeleko. Munthu amene sanakwelepo galimoto zaka zonsezi anakwela yekha, chokwawa. Anapapasa zitseko za nsungwi chimodzichimodzi, timalamba ta chubu, mphasa ya kudenga. Atafika pabedi anayendetsa zala m'mphepete monse, kuchoka khoma ili kufika linalo, n'kubwelela, n'kupitanso. Tonse tinkaonelela tili panja.

“Palibe pokhakhala,” anatelo. “Chitsilu. Akanasiyako pamodzi, akanandipeza.”

Anagona pabedipo chopingasa. Linawakwana ndendende, poti msinkhu wawo unali umodzi. Anakhala pomwepo mpaka nthawi yopita kumanda.

Pali abale ena amene mpaka lelo amati ndikanapanda kuchita zopusa zija, asikulu sakanadzitopetsa ndi ntchito, mwina akanakhalapobe. Ine ndimati akanakhalapo pabenchi, chipewa kumaso, akubweza mbale. Mbuzi zanga zinawapatsa chaka chokangana, chotukwana a Sakala, chodya n'kupempha zina. Amene akufuna ndipepese adikile.

Chilango changa chinagamulidwa tsiku lomwe lija amai Chanda analila pachitseko. Amai anga anati ndizidyetsa mbuzi holide iliyonse mpaka nditamaliza sukulu. Asikulu anawonjezapo chawo: Loweluka lililonse ndizikwecha pansi m'kati mwa galimotoyo ndi sopo mpaka fungo la Kapitao litathelatu. Mbuzi sizindivuta, timamvana, ndipo atsikana aja analeka kunditcha Kambewa, tsopano ndine Kapitao wamng'ono, lomwe ndi dzina laulemu. Za fungo, ndakwecha ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu. Dzuwa likatentha, tonde uja amabwelanso ngati wangotulukamo kumene. Amai Chanda anandiuza kuti ndileke, mlandu unatha. Ndinawayankha kuti amene anagamula sanandimasule, ndipo Mbemba alibe mphamvu pa milandu ya kwathu.

Galimotoyo amaisungabe pabwalo pathu. Amati ku Petauke kulibe mthunzi wabwino, koma pakhomo pawo pali mitengo yambili kuposa pathu. Anayendapo nayo maulendo angapo kukaona ana awo, ndipo amati amagona bwino, mapazi ali pa malo a Wemba. Ikabwela imaima pambali pa mango, pafupi ndi benchi imene palibe amakhalapo.

Loweluka ndikatsegula zitseko za kumbuyo, choyamba kuona ndi mpata wa pansi pa bedi, ndi mizele iwili imene bokosi linakanda polowa. Imeneyo sindiikwecha. Pamwamba, m'mphepete mwa mlombwa, pali pamalo pamene panalowa pang'ono chifukwa chopalidwa dzinja lonse, ndipo kachidutswa ka sandipepa kakali kotsomekedwa pakati pa matilesi ndi khoma, kopindika monga mwa chala chawo. Ndimathila madzi, ndimakwecha, ndimatsegula mawindo. Kapitao amabwela kudzaima pakhomo, akutafuna, kuyang'ana mkati. Ndimamuuza kuti abwelele, eni ake kulibe.